Kachipangizo kanga kanakanika m'kamwa mwa agogo

Ine ntchito yanga ndi yokonza zipangizo za m'chipatala. Makina a okosijeni akayamba kulira ngati mbuzi, amaitana ine. Autoclave, yophikira zipangizo kuti tizilombo tife, ikamadontha, ine. Wilo la bedi likathyoka amabweranso kwa ine, ngakhale pa kalata yanga ya ntchito nkhani ya mawilo palibe. Za mano ndinalibe nazo gawo, kupatula kukayang'ana kompresa ya ku chipinda cha mano ikayamba kutsokomola, mpaka tsiku limene asisi amene amaona za mano pa chipatala chathu analowa m'kachipinda kanga, dzanja lina foni, dzanja lina kagalasi koonera m'kamwa.

"Achimwene, taonani apa. Mukuonapo chiyani?"

Ndinayang'anitsitsa. Chinthu chofiirira, pakati kuwala koyera ngati nyali ya galimoto usiku, m'mphepete chala cha golovesi. Ndinati ndikuona nyama ya pa msika. Anaseka pang'ono, kenako n'kundiuza kuti limenelo ndi dzino lakumbuyo la mwana wa zaka 9, ndipo amafuna kutumiza chithunzicho kwa dokotala wa mano wa m'tauni kuti awauze ngati mpofunikadi kuti mayi a mwanayo agulitse nkhuku, apeze thiransipoti, apite naye kumeneko.

Asisiwa ndi dental therapist. Ambiri mwa amene amatizula ndi kutimata mano m'zipatala za m'maboma muno ndi ma therapist ophunzira ku Malawi College of Health Sciences. Madokotala a mano ndi ochepa zedi, ndipo maphunziro awo anayamba m'dziko muno mu 2019, ku College of Medicine yomwe pano ili mu KUHeS, mothandizana ndi a University of Glasgow. Ndiye nkhani ikavuta kumudzi, funso limayenda pa foni. Chithunzi chikakhala cha chimbuuzi, yankho limakhala limodzi: mutumizeni tidzamuone. Nkhuku ija yapita.

Ndinawauza kuti andipatse milungu iwiri, ndiwapangire kachipangizo kojambulira m'kamwa ndi foni. Mumtima ndinkati zazing'ono izi. Si ife kodi a dziko limene linatulutsa Pumani, makina othandiza makanda kupuma aja amene anapangidwa ndi a Rice University pamodzi ndi madokotala a ku Queens, pogwiritsa ntchito mapampu a m'mathanki owetera nsomba za m'nyumba? Chogwirira foni chingandikanike?

Vuto loyamba nlakuti m'kamwa si malo ojambuliramo. Muli mdima. Monyowa. Mothina. Lilime silikhazikika, limatsatira chilichonse chimene mwalowetsa ngati galu wa mwini nyumba. Mpweya wa munthu ndi wofunda, ndiye kagalasi kozizira kakangolowa kamachita nthunzi musanadine n'komwe. Dzino lonyowa limanyezimira ngati mbale yadothi yoyera, mukaliwalitsa limakubwezerani kuwala konse. Kamera ya foni nayo ili ndi nzeru zake: mukaiyandikitsa kwambiri imakanika kugwira, ndipo ikasankha yokha choti igwire imasankha mlomo kapena ndevu, dzino n'kulisiya. Pamwamba pa zonsezi asisi aja amafunika manja atatu, lina lokoka tsaya, lina la kagalasi, lina la foni.

Choyamba chimene ndinapanga chinali chokongola, ndisaname. Mnzanga wina ali ndi makina a 3D, ndiye tinasindikiza chikhomo cholowamo foni, kutsogolo kwake kachubu kotalika ngati chala, kumapeto kagalasi komata ndi guluu, m'mbali timagetsi ta LED tinayi toyendera batire. Ndinajambula nacho chimanga chokazinga, njere iliyonse inaoneka bwinobwino. Ndinajambula mano a chipeso. Ndinapita nacho ku chipinda cha mano ndikuyenda monyang'wa.

Asisi anachitembenuza kawiri, n'kufunsa funso limodzi. "Ndikamaliza wodwala woyamba, ndichitsuka bwanji?"

Ine wokonza autoclave tsiku ndi tsiku, ndinali ndisanaganizeko. Chilichonse cholowa m'kamwa mwa munthu chiyenera kuphikidwa chisanalowe mwa wina, kapena chikhale ndi chovala chotaya. Autoclave yathu imafika madigiri 134. Pulasitiki ya PLA imene tinasindikizira imayamba kufewa ikangofika cha m'ma 60. Chifukwa cha makani ndinachiikamo ndithu, nditachotsa timagetsi. Chinatuluka ngati chingamu chotafunatafuna. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya lambiri, chifukwa chipinda cha asisiwo ndi cha ine zimasiyana ndi zitseko zitatu zokha.

Chachiwiri ndinachigawa pawiri: gawo la foni ndi magetsi losalowa m'kamwa, lopukuta ndi spiriti, ndi gawo lakutsogolo lochotseka. Apa panatulukanso china. Golovesi yonyowa ndi malovu sigwira pa sikirini ya foni, ndipo ngakhale ikanagwira, ndani angafune malovu a wodwala pa foni imene madzulo aimbira ana kunyumba? Komanso mukadina sikirini foni imagwedezeka, chithunzi n'kuwonongeka pa mphindi yeniyeni imene munachipeza. Makamera a m'kamwa ogula aja, ooneka ngati mswachi wamagetsi, ali ndi batani pa chogwirira, ndipo ena amabwera ndi chopondera cha phazi pa chifukwa chomwechi. Ine ndinatenga mahedifoni akale a waya, aja okhala ndi batani lokweza mawu, chifukwa mafoni ambiri a Android amalola batani limenelo kujambula. Ndinawonjezera waya, batani n'kuliika m'kabokosi ka thabwa pansi. Asisi akaponda, foni imajambula. Mpaka lero ndi chinthu chokhacho chimene ndinapanga kamodzi n'kugwira ntchito.

Ndiye panabwera agogo aja.

Anali ndi chotupa pa nkhama za kumbuyo, m'munsi, mbali ya kumanzere. Asisi anawafotokozera bwino, kuti tikufuna kujambula m'kamwa mokha, nkhope ayi, ndipo chithunzicho chipita kwa adokotala. Agogo anavomera. Anayasamula mmene akanathera, koma nsagwada za munthu wachikulire wa chotupa sizitseguka ngati za chimanga changa chija chimene chinalibe nsagwada n'komwe. Kachipangizo kanalowa theka. Asisi atakankha pang'ono, agogo anachita ngati asanza, misozi ili chuchuchu, n'kugwira dzanja la asisi.

"Mwanangu, ngati ndi choncho ingozulani."

Panalibenso choti azule, vuto silinali dzino. Asisi anachotsa kachipangizoko n'kukaika m'mbale ya zipangizo zakuda. Anapepesa agogo, n'kupitiriza ndi kagalasi kawo kakale. Agogo atatuluka, anandiyang'ana.

"Achimwene, inuyo munayamba mwakalowetsako m'kamwa mwanu?"

Ayi. Ndinali nditayesa pa chimanga, pa chipeso, pa mano a pulasitiki ophunzitsira ana kutsuka. M'kamwa mwanga ayi.

Usiku umenewo ndinatseka chitseko n'kuyesa. Ngodya ya m'munsi inandicheka pansi pa lilime, pomwe khungu ndi lofewa ngati la mkati mwa dzira. Kukhuthala kwake kunandikakamiza kuyasamula mpaka m'makutu munalira. Kutsogolo kukangokhudza kumbuyo kwa lilime, m'mimba munatembenuka. Ndinapirira mwina masekondi khumi. Ine wa mano onse 32, wopanda chotupa, wodziwa chimene chikubwera.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuwerenga mbiri ya zojambula mano, ndipo ndinachita manyazi kupeza kuti woyamba weniweni anayambira m'kamwa mwake. Wilhelm Röntgen anatulukira X-ray mu November 1895 ku Würzburg. Patangotha milungu yochepa nkhaniyo itamveka, kumayambiriro kwa 1896, dokotala wa mano wa ku Braunschweig, Otto Walkhoff, anakulunga kagalasi kojambulira m'pepala lakuda ndi labala, n'kukaika m'kamwa mwake, n'kukhala duu kwa mphindi 25 cheza chikumuwomba. Mphindi 25! Lero kujambula dzino limodzi sikukwana ngakhale sekondi. Chithunzi chake sichinali chothandiza kwenikweni, koma iye anadziwa kukoma kwa chinthu chimene ankafuna kuika m'kamwa mwa anthu ena. Ku New Orleans kunali C. Edmund Kells, amene chaka chomwecho anayamba kujambula mano a odwala ake. Masiku amenewo kuopsa kwa cheza kunali kusanadziwike bwino, ndipo manja ake ankakhala pa cheza nthawi ndi nthawi. Anadulidwa zala, kenako dzanja, kenako mkono. Anamwalira mu 1928. Kwa zaka zambiri pambuyo pake panali madokotala ogwira filimu ndi chala chawo m'kamwa mwa wodwala pojambula, ndipo zala zinawonongeka.

Nkhani ya Kells inandipangitsa kuyang'ananso kanthu kena kamene ndinkakaona ku kiliniki ina ya m'tauni kumene ndimakagwira ganyu Loweruka, koma sindinkakawerengera. Kumeneko ali ndi X-ray ya m'manja, yooneka ngati mfuti ya ana, yokhala ndi chimbale choonekera kutsogolo chotchinga cheza chobwerera kwa wojambula. Ali ndi sensa ya digito, mdzukulu wa ija imene Francis Mouyen wa ku France anatulutsa mu 1987, imene inachotsa ntchito yotsuka filimu m'chipinda chamdima. Zinthu zodula zimenezi ndi zimene maso anga ankathamangira. Koma m'kabati muli timapulasitiki ta mitundu, totchedwa XCP: kogwirira filimu kokhala ndi poluma, kandodo kachitsulo, ndi mkombero kunja kwa tsaya. Tabuluu nta mano akutsogolo, tachikasu nta akumbuyo, tofiira nta chithunzi chija choluma chimene chimaonetsa mano a m'mwamba ndi a m'munsi limodzi, chimene Howard Raper anayambitsa mu 1925.

Ntchito ya timapulasitikiti ndi yaikulu kuposa mtengo wake. Kuti dzino lituluke pa X-ray mu msinkhu wake weniweni, filimu iyenera kuima mofanana ndi dzinolo, ndipo cheza chibwere molunjika. Mukapendeketsa, muzu umatuluka wautali ngati wa chinangwa kapena waufupi ngati wadulidwa. Mukaphonya pang'ono, mbali ina ya chithunzi imatuluka yoyera mbee, cheza sichinafikepo, ndiye wodwala ajambulidwenso, cheza kawiri. Munthu wa luso angathe kuyeza zonsezi ndi maso. Koma wa luso yemweyo, nthawi ikamakwana 3 koloko masana, ataona anthu makumi atatu, asanadye, maso ake sakhalanso a m'mawa aja. Kapulasitiki sikatopa. Wodwala aluma, inu mulunjikitsa mphuno ya makina pa mkombero, basi. Chala cha munthu sichikhalanso m'njira ya cheza. Ndipo mitundu ija si yokongoletsa: wothandizira watsopano safunika kuwerenga kalikonse, amangolumikiza chikasu ndi chikasu.

Apa ndi pamene ndinazindikira kuti ndinkalimbana ndi chinthu cholakwika. Ndinkafuna chithunzi chimodzi chokongola. Asisi ankafuna chithunzi chotuluka chimodzimodzi lero, mawa ndi mwezi wamawa, ngakhale atajambula ndi wophunzira, kuti chotupa chikakula adokotala aone kuti chakuladi, osati kuti foni yayandikira.

Chachitatu ndinachipanga chopyapyala, ngodya zonse zozungulira, ndipo kagalasi sindinamatenso. Ndinasiya kampata kolowetsamo kagalasi kachitsulo ka asisi komwe, kamene kamaphikidwa kale tsiku lililonse. Ndinaika poluma, kuti mtunda wa pakati pa kamera ndi dzino usasinthe, fokasi n'kuitseka pa mtunda umenewo. Za nthunzi sindinapange kalikonse: asisi amaviika kagalasi m'madzi ofunda a mu fulasiki kasanalowe m'kamwa, njira imene ankaidziwa kale ine ndisanabwere ndi nzeru zanga. Kompresa ikamagwira amapoperapo mpweya, magetsi akathima fulasiki imakwanira.

Kunyezimira ndinakugonjetsa ndi zinyalala. Sikirini iliyonse ya LCD ili ndi kapepala kosefa kuwala. Anyamata okonza mafoni pa msika anandipatsa sikirini yakufa ya laputopu, akundiseka kuti ndikaphika. Ndinasenda kapepalako, kachidutswa kena pa timagetsi, kena pa diso la kamera kotembenuzidwa mopingasa. Kuwala kongodumpha pamwamba pa malovu kumatsekeka, kumene kwalowa pang'ono m'dzino n'kubwerera kumadutsa. Chithunzi chimada pang'ono, koma nyali ya galimoto ija imazimiririka, ndipo timizere ndi timadontho ta pa dzino timaonekera. Ojambula mano a kunja amachita zomwezi ndi zosefera zogula.

Nkhani ya mtundu ndiyo inandidya nthawi, ndipo ndikuona kuti opanga zipangizo saiganizira mokwanira. Zithunzi zambiri za m'mabuku zimaonetsa nkhama zabwino zili zapinki wotuwa. Tsegulani pakamwa panu pagalasi. Ambiri a ife nkhama zathu zili ndi mawanga akuda kapena abulauni, ndipo si matenda, ndi melanin yemweyo wa pakhungu. Pa nkhama zoterozo kufiira kwa chiseyeye sikufuula, kumanong'ona. Tsono foni imakonda kudzikonzera mitundu yokha: pafupi ndi zenera nkhama zituluka zotuwa, pansi pa babu zituluka ngati zapsa, m'kamwa momwemo, tsiku lomwelo. N'chimodzimodzi ndi mano a ana ochokera madera a madzi okhala ndi mchere wa fluoride wambiri, ngati mbali za ku Nathenje, amene amakhala ndi mawanga oyera kapena abulauni. Mtundu ukasokonekera, wakutali angaganize kuti dzino likuwola pomwe silikuwola. Ndinazimitsa zodzikonzera zonse m'kamera, ndipo pa poluma ndinasiya kachigawo kotuwa kooneka m'chithunzi chilichonse. Kakatuluka kachikasu, adokotala amadziwa kuti chithunzi chonse chanama.

China chinatsala pang'ono kutichititsa ngozi. Galasi limatembenuza zinthu. Tsiku lina adokotala anayankha za dzino 46, pomwe asisi ankafunsa za 36. Kwa osadziwa, manambalawa ndi mmene a mano amatchulira mano: nambala yoyamba ndi chigawo cha kamwa, yachiwiri ndi malo a dzino kuwerengera kuchokera pakati. 36 ndi dzino lotafunira loyamba la m'munsi kumanzere, 46 ndi mnzake wa kumanja, aja amamera mwana ali ndi zaka pafupifupi 6 makolo n'kumaganiza kuti adzaguluka ngati enawo. Asisi anazindikira msanga chifukwa mwanayo anali pa mpando pomwepo. Filimu ya X-ray ili ndi kachiphuphu pa ngodya imodzi kothandiza kudziwa mbali, nzeru yakale kwambiri. Ine ndinati ndizokota chilembo pa poluma. Ndinatenga mpeni kuti ndilembe K wa kumanja. Ndiye kumanzere ndilemba chiyani? K yemweyo. Ndinayesa zilembo ziwiri, zitatu, zinayi, zisanu: kuman, kuman. Chichewa chathu chinandigwetsa pamenepo. Ndinalemba R ndi L, zimene a chipatala anazolowera kale pa X-ray, ndipo zili ndi ubwino wina: R akatuluka chagada, mwadziwa kuti chithunzi chadutsa pagalasi.

Ndisakunamizeni kuti kachipangizoka kamaona zonse. Kamera imaona pamwamba pokha. Kubooka kwa pakati pa mano awiri ogundana sikuiona, pamafunika X-ray. X-ray nayo imaonetsa fupa logwira dzino, mmene ladyekera, koma nkhama zenizenizo siziwoneka bwino. Ndipo chimene chikuchitika pansi pa nkhama, m'kathumba ka pakati pa dzino ndi mnofu, palibe mwa ziwirizi chimene chingakuuzeni kuya kwake. Pamenepo asisi amatulutsa kachitsulo kowonda kamene ine ndimakachitira nsanje kuposa makina onse a m'tauni. Ndi probe ya WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse. Kunsonga kuli kampira ka theka la milimita kuti kasabaye mnofu ndiponso kazimva zokakamira pa muzu. Pamwamba pake pali lamba wakuda woyambira mamilimita 3.5 kufika 5.5. Mukalowetsa m'mphepete mwa dzino, lamba yense akamaoneka, kathumba nkosazama. Akabisika pang'ono, chenjerani. Akamira yense, matenda apita patali. Palibe batire kapena waya, palibenso manambala oti muwerenge mutaweramira m'kamwa mwa munthu mumdima. Amene anaganiza za lamba ameneyo anaimapo pa mpando wa mano nthawi ya 3 koloko.

Pano asisi amajambula zithunzi ziwiri, chachiwiri cha probe ili m'malo, lamba akuoneka kapena atamira. Adokotala akuti chachiwiricho ndi chimene amayamba kutsegula. Zithunzi zikatumizidwa timazifufuta mu foni, dzina la wodwala silipita nawo, nambala ya m'kaundula yokha.

Zotsala zilipo. Dzino lomaliza la m'mwamba silifikika bwino, tsaya limatseka njira munthu akayasamula kwambiri, ndiye asisi amamuuza kuti atseke pang'ono, zimene odwala amaziona zachilendo. Gawo lakutsogolo tikulivekabe kathumba ka pulasitiki kotaya chifukwa pulasitiki yopirira autoclave sindinaipeze. Ndipo sabata yatha mnyamata wina wa sitandade 2, atauzidwa kuti alume, analuma ndi mtima wonse. Poluma panathetheka pakati, iye n'kulavula kachidutswa m'dzanja la asisi n'kufunsa ngati alipiritsidwe.

Ndagula masupuni awiri achitsulo chosachita dzimbiri, aja okhuthala. Loweruka ndikachoka ku ganyu ndidutsira kwa amisiri owotcherera kuti tione ngati chogwirira cha supuni chingapindike bwino osasiya m'mphepete mwakuthwa. Chikatheka, ndichiphika kaye, kenako chilowa mwanga. Ndauza asisi kuti adzawerenge mpaka 60 ndili nacho m'kamwa.